Mafunso a Owerenga: Kavalo wa ku Dendermonde

FUNSO

A Mkonzi, mwana wa mchemwali wanga amene ali pasukulu ku Ghent m'dziko la Belgium wanditumizira kanema pa WhatsApp. M'kanemamo muli chikavalo chachikulu chochita kupanga, chovekedwa nsalu, chitabereka anyamata anayi ovala zovala zachitsulo, ndipo m'mbali mwa msewu muli chinamtindi cha anthu, ena mwa iwo akuluakulu aimvi, akugwetsa misozi. Iye wangondiuza kuti zimenezi zimachitikira ku Dendermonde. Kodi ameneyu ndi gule wa kumeneko, wofanana ndi Gule Wamkulu wathu? Nanga anthuwo akulira chiyani?

Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO

Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha funso lanu. Chimene mwaonacho eni ake amachitcha Ros Beiaard, ndipo kuti timvetse misozi ya anthuwo tiyenera kuyambira pa mtsinje, pakuti mzinda umenewu unabadwira pamadzi, unalemerera pamadzi, ndipo nthano ya kavaloyo imatheranso m'madzi omwewo.

Dendermonde ndi mzinda waung'ono wa m'chigawo cha Flanders, kumpoto kwa Belgium, kumene anthu amayankhula Chidatchi. Uli pakati pa mizinda ikuluikulu itatu ya Ghent, Antwerp ndi Brussels, ndipo dzina lake limatanthauza malo amene mtsinje wa Dender umathira, chifukwa ndi pamenepo pamene Dender amakumana ndi mtsinje waukulu wa Scheldt. Kalekale aliyense wokhala pamphambano ya mitsinje iwiri yoyendamo zombo sankasowa malonda, choncho mzindawu, umene unalandira chikalata cha ufulu wake mu 1233, unatukuka ndi ntchito yoluka ndi kugulitsa nsalu. Nyumba imene lero ndi likulu la khonsolo ya mzinda inali msika wa nsaluzo, ndipo nsanja yake ya mabelu ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa kuyambira mu 1999. Zombo zikakocheza, panali gulu la amuna amene okha ndiwo anali ndi chilolezo chotsitsa ndi kukweza katundu komanso kulowetsa migolo ya vinyo ndi mowa m'zipinda zapansi pa nyumba. Amuna amenewa ankatchedwa Pijnders, ndipo musaliiwale dzinali chifukwa tilipezanso kunsi kwa kavalo.

Nthano yake ndi ya m'nthawi ya mfumu Charlemagne. Akuti kunali nduna ina dzina lake Aymon imene inali ndi ana aamuna anayi, ndipo wamphamvu koposa mwa iwo, Reinout, anaweta kavalo woopsa wotchedwa Beiaard, amene ankatha kubereka abale anayiwo nthawi imodzi. Tsiku lina Reinout anakangana ndi mwana wa mfumu pamasewera a tchesi mpaka kumupha, ndipo abalewo anathawa atakwera kavalo wawoyo, nakhala zaka akulimbana ndi asilikali a mfumu. Potsiriza mfumu inavomera mtendere, koma inati dipo lake likhale kavaloyo. Anamumangirira miyala ya mphero m'khosi namuponya m'madzi pamene Dender amathira mu Scheldt. Anthu a ku Dendermonde amasimba kuti kavaloyo ankaphwanya miyalayo n'kuvuukanso, maso ali kwa mbuye wake amene anaima pagombe, mpaka pamene Reinout analephera kupirira natembenuka kuyang'ana kumbali. Kavaloyo poona zimenezo anayesa kuti mbuye wake wamutaya, ndipo analeka kulimbana ndi madzi, namira. Ine ndimaona kuti mtima wa nthano yonse uli pa kutembenuka kumeneko, chifukwa chimene chinapha Beiaard si kulemera kwa miyala koma kuganiza kuti amene anamutumikira mokhulupirika wamufulatira.

Kavalo amene mwamuona m'kanemayo ndi wamtali pafupifupi mamita 5, ndipo amalemera makilogalamu pafupifupi 800 anyamata aja asanakwerepo. Mutu wake ndi wosema pamtengo, wa cha m'ma 1600. Alibe mateyala kapena injini. Kunsi kwa nsalu kumalowa amuna 12 a gulu lija la Pijnders, amene amamusenza pamapewa, ndipo pali magulu atatu otere amene amalandizana m'njira, chifukwa sikuti amangoyenda naye chabe ayi: amamuvinitsa motsatira woimba vayolini amene amatsogola, ndipo m'malo ena amamuimiritsa ngati kavalo wolusa, mutu uli m'mwamba, anyamata anayi aja ali pamsana. Mdipitiwo ukafika pabwalo lalikulu la mzinda, lotchedwa Grote Markt, amuna a mfuti amawombera ngati akulimbana ndi kavaloyo, utsi n'kudzaza bwalo lonse, mpaka iye atabowola mzere wawo n'kudutsa. Apa ndi pamene ambiri amalephera kudzigwira.

Kusankha anyamata okwerapo ndi nkhani imene imagwedeza mzinda wonse. Malamulo ake amafuna kuti akhale abale anayi a bere limodzi, obadwa mopondana popanda mlongo pakati pawo, a zaka zapakati pa 7 ndi 21 pa tsiku la mdipiti, obadwira ku Dendermonde ndi kukhala komweko, ndipo amayang'ananso ngati makolo ndi agogo awo anabadwira mumzindawo. M'dziko limene mabanja ambiri ali ndi ana awiri kapena mmodzi, kupeza banja lotere si chinthu chapafupi.

Chinanso chimene chimabweretsa misozi ndi kusowa kwake. Masiku ano kavaloyu amatuluka kamodzi kokha pa zaka 10 zilizonse. Anatuluka mu 1990, mu 2000 ndi mu 2010, ndipo ulendo wa mu 2020 unalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19 mpaka unachitika pa 29 Meyi 2022. Munthu wa zaka 75 akamuona akudutsa amadziwa mumtima mwake kuti mwina aka n'komaliza, ndipo amakumbukira amene anaima naye pamalo omwewo ulendo wathawo koma lero kulibe. Onjezanipo mbiri ya mzindawo. Mu 1667 mfumu Louis XIV ya ku France inauzinga, koma eni mzinda anatsegulira madzi m'minda yozungulira mpaka asilikali ake anabwerera chimanjamanja. Mu 1706 unagwa m'manja mwa asilikali a Marlborough, mkulu wankhondo wa ku England. Choopsa koposa chinadza mu Sepitembala 1914, pamene asilikali a Germany anautentha, nyumba zoposa theka n'kuwonongeka, kuphatikizapo likulu la khonsolo lija. Mutu wakale wa kavalo unapulumuka zonsezi, ndipo anthu amene makolo awo anamanganso mzinda paphulusa akauona sakuona mtengo wosema chabe.

Tsono pa funso lanu loyamba, pali chinthu chimodzi chimene chimalumikizadi miyambo iwiriyi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo m'chaka chomwecho linalengezanso chimodzimodzi za midipiti ya ziphona ndi zinyama zikuluzikulu ya ku Belgium ndi France, imene Ros Beiaard ali m'gulu lake. Koma ndikupemphani kuti tisapitirire pamenepo n'kunena kuti ndi chinthu chimodzi. Gule Wamkulu ali ndi dambwe, ali ndi zinsinsi zake, ndipo amakhudza mizimu ya makolo pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Ros Beiaard alibe chinsinsi chotero, pakuti amene amamusenza amadziwika ndi aliyense, ndipo amene amayendetsa mwambowo ndi akuluakulu a mzinda. Ndi mwambo wonyadira kwawo, ndipo n'chifukwa chake nyimbo yake imatonzanso anthu a ku Aalst, mzinda woyandikana nawo pa mtsinje womwewo wa Dender, kuti amachita nsanje poona kavaloyo akuyenda ku Dendermonde. Mizinda iwiriyi yakhala ikunyogodolana kwa zaka mazana, mwa njira imene inu a ku Dedza mungaiyerekeze pang'ono ndi chibale cha nthabwala cha pakati pa mitundu ina kwathu kuno.

Mphwanu ali pafupi, choncho muuzeni kuti asadikire kavalo yekha. Chaka chilichonse, Lachinayi lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mzindawu umatulutsa ziphona zake zitatu, Indiaan, Mars ndi Goliath, pa mwambo wotchedwa Katuit, ndipo nazonso amazivinitsa ndi a Pijnders omwewo. Akapite masana kuti akalowenso m'tchalitchi cha Onze-Lieve-Vrouwekerk, mmene muli zithunzi ziwiri zojambulidwa ndi Anthony van Dyck ndi beseni lamwala la ubatizo la m'zaka za m'ma 1100, kenako akayende m'bwalo labata la Sint-Alexiusbegijnhof, limene linakhazikitsidwa mu 1288 kuti muzikhala amayi opembedza amene sankachita malumbiro a usisitere a moyo wonse. Kuchoka ku Ghent pa sitima yapamtunda ndi ulendo wosakwana ola limodzi.