Sienta ikunjenjemera, amakaniko akuti ndigule hanesi yonse: ndigule?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mchinji, kwa achimwene ena amene amanyamula anthu pa Sienta pakati pa boma ndi Kamwendo. Alemba motere:

"Sienta yanga ya 2007 ikunjenjemera ikaima, ndipo ndikaponda mafuta pamtunda imadukizadukiza. Tsiku lina imayenda bwinobwino, tsiku lina imavuta kuyambira m'mawa. Ndasintha mapulagi onse anayi ndi koyilo imodzi koma palibe chasintha. Amakaniko akuti vuto ndi mawaya, ndigule hanesi yonse ya injini. Ndigule kodi? Ndalama yake si yamasewera, ndipo galimotoyi ndi imene ikudyetsa ana."

Achimwene, zikomo pondilembera. Musagule kaye. Sindikuti amakaniko anuwo akunama ayi, mwina alondola ndithu, chifukwa matenda obwera n'kumapita ngati amenewa kawirikawiri amakhaladi a mawaya. Koma kungoti "ndi mawaya" kuli ngati kuuza wodwala kuti akudwala m'thupi. Waya wake uti? Waduka pati? Munthu amene akukutumani kukagula hanesi ayambe wakulozerani ndi chala pamene palakwika, inu n'kuona ndi maso anu.

Hanesi ndi mtolo wa mawaya wokulungidwa m'tepi yakuda ndi timapaipi ta pulasitiki, umene umachoka ku kompyuta bokosi n'kugawikana kupita ku makoyilo, ku mainjekita ndi ku masensa onse. Sienta yanuyo ndi ya mtundu woyamba uja unayamba kutuluka mu 2003, injini yake ndi 1NZ-FE ya malita 1.5, masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake yokhala pamutu pa pulagi. Koyilo iliyonse imalandira mawaya anayi: wina wobweretsa moto, wina wa earth (wobwezera moto ku negetivu ya batire), wina umene kompyuta imalamulira kuti "thetheka tsopano", ndi wina wobweza yankho kuti zathetheka. Mumtolo wonsewo, waya mmodzi yekha atalekeza, injini yonse imagwedezeka ngati yatha. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona munthu akutaya mtolo wonse chifukwa cha kawaya kamodzi kotalika ngati chala.

Poyambira ndi pa makina. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mapini 16 yolumikizapo makina oyezera. Akawerenga, musamangomva zoti "yaonetsa misi" (kutanthauza kuti silinda ina ikuphonya kuyaka), pemphani nambala yake ndipo muilembe. P0301 ndiye kuti ikumisa ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304. P0300 ndiye kuti kumisako kukungodumphadumpha, sikuli pa silinda imodzi. Galimoto zina zakale zochokera ku Japan sizilankhulana ndi timakina totchipa tija, ndiye kakalephera kuwerenga musafulumire kuweruza kuti kompyuta bokosi yafa, kayeseni makina ena.

Nambala ikaloza silinda imodzi, pali kuyesa kosafuna ndalama. Chotsani koyilo ya silinda imeneyo muisinthanitse ndi ya silinda yoyandikana nayo, mufufute nambala, muyende. Vuto likasamuka n'kutsatira koyilo, wolakwa ndi koyilo. Likakhala pompo, ndiye tiyang'ane injekita, mawaya opita pa silindayo, kapena mphamvu ya silinda yeniyeniyo. Mwati munasintha koyilo imodzi, koma simunanene ngati inali ya silinda yodwalayo. Pozula koyilo, unikaninso m'dzenje la pulagi. Mukapezamo oilo, ndiye kuti gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba ikudontha, ndipo moto umathawira m'mafutawo usanafike pa pulagi.

Tsopano kuyesa kumene ine ndimakukhulupirira kwambiri pa matenda obwera n'kupita. Lizani injini, isiyeni ilire chiimire, tsegulani boneti. Ndi dzanja, gwirani soketi imodzi imodzi n'kuigwedeza pang'ono, kenako tsatani mtolowo mukuupinda mofatsa, chikhatho ndi chikhatho. Samalani ndi fani ndi lamba, malaya a manja aatali pindani. Khutu likhale pa injini. Mukafika pamalo podwala, kulira kumasintha pompo: imatsamwa, kapena imene imanjenjemera ija imangoti zii, kuyera. Mukasiya, ibwerera. Chitani kawiri katatu kuti mutsimikize. Ntchito imeneyi imafuna kudekha, si ya munthu amene akuthamangira galimoto ina ili pamzere.

Chaka chatha kuno ku Kasungu anandibweretsera Probox yochokera cha ku Chamama, ya bambo wina wogula mtedza. Injini yake ndi yomweyi ya 1NZ. Pa tala inkayenda bwino, ikangolowa msewu wafumbi wa mabampu inkayamba kudukiza. Anali atauzidwa kale kwina kuti agule kompyuta bokosi. Nditagwedeza mtolo pafupi ndi mainjekita, injini inatsamwa. Titaunika ndi tochi kunsi kwa manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini aja, tinapeza chisa: makoko a mtedza, tizidutswa ta thumba, ndi fungo lija la makoswe losasowa. Galimotoyo inkagona pafupi ndi nkhokwe. Waya wa injekita yachitatu anali atatafunidwa, watsala ndi tinsinga titatu tokha tikugwirana. Pamsewu wosalala tinkakwanitsa kudutsitsa moto, pamabampu tinkalekana. Tinadula pobvulalapo, tinaika kachidutswa ka waya wonenepa mofanana, tinawotcherera ndi soda (mtovu wolumikizira mawaya uja), tinaveka kapaipi kofota ndi moto kaja, tinakulunga. Dzuwa lisanalowe bamboyo anali pa ulendo. Inu amene mumanyamula matumba a chimanga ndi soya pamodzi ndi anthu, nkhani ya makoswe musaitenge mopepuka.

China chimene anthu amachidumpha ndi earth. Pa injini pali timabawuti tomangirira mawaya a earth a hanesi, komanso pali waya wonenepa wochoka ku negetivu ya batire kupita ku bodi ndi ku injini. Kabawuti kamodzi kakamasuka kapena kuchita dzimbiri, masensa onse amayamba kunama nthawi imodzi ndipo makina amaonetsa manambala ambirimbiri osagwirizana. Izi zimachitika kwambiri galimoto ikangochoka kotsitsidwa injini kapena giya bokosi. Ndi mita yoyezera mavoti, injini ikulira, yezani pakati pa negetivu ya batire ndi chitsulo cha injini: pazioneka pafupifupi ziro, zikapitirira mavoti 0.2 pali pofunika kupala ndi kumanga. Pa batire penipeni injini ikulira pazikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ndipo chonde, chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja chisiyeni, chimaotcha kompyuta.

Masoketi nawo ayang'aneni mkati. Tizokowera ta masoketi a makoyilo a Toyota timauma ndi kutentha n'kuthyoka, soketi n'kumangokhala mongoyedzamira. Mukaona zobiriwira pa mapini, ndi madzi amene analowa, makamaka ngati anyamata otsuka galimoto amapopera injini ndi paipi yamphamvu. Soketi imagulidwa payokha, sizifuna hanesi yonse.

Pali zinanso zimene si mawaya n'komwe koma zimanamizira mawaya: petulo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena parafini, sensa ya mpweya yodzaza fumbi, paipi ya mpweya yong'ambika kunsi kumene diso silifika. Ngati tsiku limene imavuta ndi tsiku limene mwathira mafuta a m'mbali mwa msewu, yambirani pamenepo.

Nanga hanesi yonse imasinthidwa liti? Ilipo nthawi yake, ndipo ikafika sindizengereza. Ngati wina anamanga waya m'malo mwa fyuzi, moto n'kusungunula mawaya mkati mwa mtolo mpaka kumatana, pamenepo kulumikiza n'kutaya nthawi, chifukwa simungadziwe pamene kupsako kwalekezera. Chimodzimodzi ngati mwasenda tepi n'kupeza kuti chikopa cha mawaya chikufumbutuka m'manja paliponse pamene mwapinda. Matenda amenewa amadziwika kwambiri pa ma Mercedes-Benz a cha m'ma 1992 mpaka 1996, monga W124, amene anaikidwa mawaya a chikopa chofumbutuka chikakalamba pa kutentha kwa injini. Pa amenewo kusintha hanesi ndiye mankhwala enieni. Toyota ya zaka zanuzi siidziwika ndi vuto limenelo. Kwinanso ndi pamene hanesi yadutsa m'manja ambiri, aliyense kudula n'kupota ndi zala n'kumata tepi, mfundo khumi pa mkono umodzi. Yotereyo imakhala ikudwala mwezi ndi mwezi, ndipo kwa munthu wa takisi masiku oima pagalaja amadya ndalama kuposa hanesi.

Zikafika pogula, apa ndiye pogwera anthu ambiri. Injini kufanana sikutanthauza kuti hanesi ndi imodzi. 1NZ-FE ili mu Sienta, mu Probox, mu Corolla, koma mahanesi ake ndi osiyana. Ngakhale Sienta zokhazokha, ya chasisi ya NCP81 ili ndi giya bokosi ya CVT, yosadumpha magiya ija, pamene ya NCP85 yokoka matayala onse anayi ili ndi otomatiki ya magiya anayi, ndipo mawaya ake sangafanane. Pa hanesi yanu yakaleyo pali kachikwangwani kokulungidwa pamtolo, kali ndi nambala yoyamba ndi 82121. Ijambuleni pa foni pamodzi ndi nambala ya chasisi. Kaya mukafuna ku Lilongwe kaya mudutsa pa Mwami kukayang'ana ku Chipata, nambalayo ifanane yonse, osati chiyambi chokha. Ikakhala yogwirapo kale ntchito, itambasuleni pansi poyera, muwerenge masoketi, muone ngati sinadulidwe polowera ku kompyuta, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikakana mubweza.

Poika, ayambe achotsa negetivu ya batire. Yakaleyo asaizule asanajambule njira imene yadutsa, chifukwa yatsopano ikuyenera kudutsa momwemo, yomangidwa pa tizogwirira take tonse, kutali ndi ekizozi ndi m'mphepete mwa zitsulo zakuthwa. Hanesi yolendewera pa misewu yathuyi imakhuzika pa chitsulo mpaka kubooka. Injini ikalira koyamba mwina idzakwera n'kutsika pang'ono, ipatseni nthawi kompyuta izolowere.

Ndiye achimwene, pitani kwa amakaniko a zamagetsi pa tsiku limene galimoto ikuvuta, osati tsiku limene ili bwino, ndipo muimirire pomwepo akamagwedeza mawaya. Mukatero mundilembere nambala imene makina aonetsa, silinda imene munasintha koyilo ija, komanso mundiuze kumene galimotoyi imagona usiku.