Pentani kirimu, koma muyambe mwamuyesa pakhoma lanu

Mayi, funso lanu ndaliona. Nyumba mwamaliza pulasitala, apongozi akuti pentani zoyera kuti iwale, bambo a kunyumba akuti kirimu ndi mtundu wa nyumba za lendi, pomwe inu mtima uli pa kirimu yemweyo koma mukuopa kuti nyumba idzaoneka yakale ikadali yatsopano. Ine ndikuti pentani kirimu. Chokhacho, musathamangire kukagula zidebe zisanu lero lomwe, chifukwa kirimu alipo wamitundumitundu, ndipo amene mwamuona pa kakadi ka m'sitolo si amene adzaoneke pakhoma lanu.

Dzinali linachokera ku mkaka. Mukasiya mkaka wongokama kumene kuti ugone, mafuta amayandama pamwamba, oyera koma opita ku chikasu pang'ono. Chikasucho n'cha msipu. Udzu wauwisi uli ndi carotene, yemwe uja amapatsa karoti ndi maungu mtundu wake, ndipo ng'ombe ikadya amakakhala m'mafuta a mkaka. N'chifukwa chake mkaka wa dzinja umapita ku chikasu kuposa wa chilimwe, ndipo ng'ombe za Jersey ndi Guernsey zimatchuka ndi mkaka wachikasu. Penti nayenso amapangidwa chomwecho: woyera, kenako kadontho ka chikasu, nthawi zina ndi kofiira kapena kabulawuni pang'ono. Kadontho kameneko ndiye mwini nkhani. Chikasu chikachuluka, khoma limaoneka ngati majarini. Kofiira kakapitirira, limapita ku pinki. Amene ine ndimakonda pabalaza ndi woti mlendo akalowa amayesa ndi woyera, mpaka mutagunditsa pepala loyera pakhomapo.

Bambo a kunyumba sakunama kwenikweni pa za lendi. Ku Britain kuli penti wotchedwa magnolia, mbale wake wa kirimu, amene eni nyumba za lendi anamupaka paliponse kwa zaka zambiri mpaka anthu anatopa naye. Abale athu amene achitako lendi kumeneko akhoza kuchitira umboni. Koma muwauzenso mbali inayo. Mu 1765 Josiah Wedgwood, woumba mbale wa ku England, anapangira Mfumukazi Charlotte ziwiya za tiyi za mtundu wa kirimu, ndipo mfumukaziyo inalola kuti zizitchedwa Queen's Ware. Nyumba zodula zozungulira Regent's Park ku London, zimene anakonza katswiri wa mapulani a nyumba John Nash cha m'ma 1820, mpaka lero zimapentedwa kirimu. Kuyera kwa mbee kumene apongozi akufuna ndiye kwa dzulodzulo: kunafala penti wa titanium dioxide atayamba kupangidwa wambiri cha m'ma 1920. Kale penti woyera ankapangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi mafuta, ndipo mafutawo akakhalitsa ankasanduka achikasu, moti nyumba zambiri zimene ankati n'zoyera zinali za kirimu ndithu. Kankhani kena koseketsa: mu 2002 akatswiri a zakuthambo awiri a pa Johns Hopkins University, Karl Glazebrook ndi Ivan Baldry, anasakaniza kuwala kwa milalang'amba yoposa 200,000 kuti apeze mtundu wa chilengedwe chonse. Poyamba analengeza kuti ndi wobiriwirako, kenako anapeza kuti pulogalamu ya pakompyuta inalakwitsa, ndipo yankho lenileni linali kirimu wotuwirako amene anamutcha cosmic latte.

Koma chifukwa changa chenicheni ndi fumbi. Kwathu kuno dothi ndi la katondo, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi lofiira limalowa paliponse, ngakhale mutatseka mawindo. Pa khoma loyera mbee, fumbi ndi timanja ta ana zimaonekera patali. Pa kirimu zimabisalako, poti zonse n'zopita ku mtundu umodzi. Ndipo kirimu amabwezabe kuwala kokwanira, moti magetsi akazima mukayatsa kandulo kapena kanyali ka sola, chipinda sichichita mdima ngati cha penti wotuwa amene wachuluka masiku anoyu.

Musanasankhe, yang'anani pansi. Ngati pansi ndi simenti yofiira yopolisha, matailosi a bulawuni, kapena muli ndi mipando ya mbawa ndi ya nsungwi, kirimu amagwirizana nazo popanda kukakamiza. Koma ngati munaika matailosi otuwa kapena oyera onyezimira aja, samalani: pambali pa zotuwa kirimu wachikasu amaoneka ngati khoma loyera limene lada ndi utsi. Pamenepo sankhani wopepuka kwambiri, kapena wopita ku kotuwa pang'ono.

China chimene ambiri saganizira ndi babu. Pa katoni ya babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 6500K limawala moyera mopita ku buluu, ndipo limamupha kirimu, amaoneka wofooka, nthawi zina wobiriwirako. La 2700K kapena 3000K limawala mofunda, ndiye loyenera pabalaza ndi kuchipinda. Kungoti limawonjezera chikasu, choncho penti wake asakhale wachikasu kale. Kukhitchini 4000K ndi wabwino. Dzuwa nalonso limasintha zinthu: chipinda cha zenera loyang'ana kumadzulo chimafiira dzuwa likapendeka, ndiye kirimu wa kumeneko amaoneka wakupsa kuposa wa chipinda cha kum'mawa, ngakhale atachokera m'chidebe chimodzi.

Ndiye chitani izi. Gulani timabotolo kapena tizitini tating'ono ta mitundu iwiri kapena itatu. Pentani mita imodzi mulitali ndi mulifupi, mupake kawiri, pa khoma la pafupi ndi zenera komanso pa khoma la mumdima. Siyani ziume, chifukwa penti wauwisi amanama. Muyang'ane m'mawa, masana, ndi usiku mutayatsa babu limene muzidzagwiritsa ntchito. Pakatha masiku awiri mtima udzakuuzani wokha, ndipo bambo aja muwaitane asankhe nawo, asadzanene kuti sanafunsidwe.

Pogula, gulani wokwanira nthawi imodzi, ndipo muone kuti nambala ya batch pa zidebe, yosonyeza kuti pentiyo anapangidwira limodzi, ndi yofanana. Ine ndinapsa nazo. Penti anandithera khoma limodzi litatsala, ndinakagula chidebe china patatha mwezi, dzina lomwelo, sitolo yomweyo, koma khomalo mpaka lero limaoneka ngati la nyumba ina. Ngati akukusakanizirani pa makina, sungani kapepala ka nambala ya mtunduwo. Mmisiri asanayambe, asakanize zidebezo pamodzi. Mumuletsenso kuthira madzi opitirira amene alembedwa pa chidebe. Ena amatero kuti penti achuluke, koma khoma limatuluka mawangamawanga. Pulasitala watsopano mumupatse milungu inayi aume, mmisiri ayambe ndi primer, penti woyamba wa pansi, kenako apake kirimuyo kawiri. Mukafulumira, chinyezi chimatulutsa mchere woyera ndipo penti amasupuka.

M'kati, PVA wamba, penti wa madzi uja, amakwanira kuzipinda zogona, koma mukolido, kukhitchini ndi pamene ana amadutsa gulani wochapika. Panja kirimu yekhayekha mpaka pansi ayi: mvula ikamagwa kuchokera pa malata imathovukira matope m'munsi mwa khoma, ndiye pentani lamba wa bulawuni wakuda kapena wofiira ngati njerwa, wofika m'mawondo. Dzuwa la panja limayeretsa mtundu uliwonse m'maso, choncho wa panja akhale wakupsako kuposa wa m'kati.

Makatani ndi mapilo musaikenso a kirimu, nyumba ingaoneke ngati phala. Ikani zobiriwira ngati masamba, buluu wakuda, kapena mapilo a chitenje. Khoma la kirimu limalola chitenje kuonekera bwino osalimbana nacho. Apongozi nawo musawamane zonse: siling'i, mafelemu a mawindo ndi zitseko pentani zoyera. Choyeracho chikakhala pambali, aliyense amaona kuti kirimuyo munachita kumusankha, si khoma loyera limene lada.