Mwana wanga akukana udokotala, akuti akufuna kufufuza matenda

Mayi ena a ku Chilomoni alemba kuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, masamu ndi Biology amakhoza bwino, koma udokotala sakuufuna, akufuna epidemiology, maphunziro ofufuza mmene matenda amafalikira pakati pa anthu ndi zimene zimawayambitsa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi imeneyi si ntchito yongowerenga odwala, imene alangizi a zaumoyo amaigwira kale? Tivutikirenji ndi fizi?"

Mayi, kuwerenga odwala ndi poyambira chabe. Chimene akatswiri a epidemiology amalipidwira ndi kuweruza ngati chinthu chakutichakuti ndicho chikudwalitsa kapena kuteteza anthu, kapena changopezekapo basi.

Tiyerekeze kuti mwazungulira makomo ku Bangwe, ndipo mwapeza kuti ana ogona m'neti sadwala malungo kawirikawiri. Mudzathamangira kunena kuti ndi netiyo. Koma banja limene lili ndi neti yosang'ambika nthawi zambiri ndi lomwenso lili ndi nyumba yamalata, mawindo otseka bwino, ndi ndalama ya minibasi mwana akatentha thupi. Ndiye chateteza mwanayo ndi chiti? Neti imatetezadi, koma umboni wake sunachokere pa kuwerenga kotereku.

Njira yodalirika kwambiri ndi maere, ndipo chitsanzo chake chili pakhomo pathu pano. Mu 2018 ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW), aja a pa chipatala cha Queens, analemba ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuti ayese katemera watsopano wa taifodi. Sanasiyire makolo kusankha, chifukwa kholo lofulumira kupita ndi mwana ku katemera limakhalanso losamala pa madzi akumwa. Anachita maere pa kompyuta: theka la ana linalandira wa taifodi, theka lina wa matenda oumitsa khosi. Kholo silinadziwe kuti mwana wabayidwa uti, ngakhalenso amene ankamupima akadwala. Mwana akabwera thupi litatentha kwa masiku angapo, ankamutenga magazi n'kukawayeza ku labu. Popeza maere sadziwa wolemera kapena wosauka, magulu awiriwo ankafanana pa zina zonse, kusiyana kunali katemera yekha. Zotsatira zinatuluka mu 2021, zosonyeza kuti katemerayu amachepetsa taifodi ndi pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu 2023 Unduna wa Zaumoyo unayamba kumupereka m'dziko lonse.

Koma maere satheka paliponse. Simungauze anthu ena kuti azisuta fodya zaka 30 kuti muone ngati adzadwala khansa. Apa ndi pamene pamafunika mutu. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 1950, ofufuza a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anafunsa odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London za kasutidwe kawo, n'kuwayerekeza ndi odwala matenda ena. Njira imeneyi ndi yachangu komanso yotchipa, koma munthu wodwala amakumbukira zakale mosiyana ndi wabwinobwino. Choncho mu 1951 anayamba kutsata madokotala a ku Britain asanadwale, n'kumaona amene akumwalira ndi chimene chawapha. Mu 1965 Hill anatchula mfundo 9 zothandiza kuweruza, monga ngati osuta kwambiri amadwalanso kwambiri, ndiponso ngati zomwezo zikuoneka m'maiko osiyanasiyana. Ophunzira amakonda kuziloweza ngati malamulo, koma imene siingasowe ndi imodzi yokha: choyambitsa chizibwera matenda asanayambe.

Tsono za sukulu. Epidemiology nthawi zambiri imaphunziridwa pa digiri yachiwiri, kotero akamaliza MSCE adzayamba ndi digiri ina: zaumoyo ku KUHeS, Environmental Health ku MUBAS, kapena Statistics ku UNIMA ku Zomba. Kwa mwana wokhoza masamu, ine ndingamukankhire ku Statistics, chifukwa odziwa kusanthula manambala a kafukufuku wa zaumoyo ndi osowa kuno kwathu. Akakhala ndi laputopu, ayambe msanga kuphunzira R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala. Imeneyi ndi yaulere, pamene inzake yotchedwa Stata imafuna ndalama.

Chimodzi musabisidwe, mayi. Ntchito zambiri za kafukufuku ndi za kontirakiti, zimatha pulojekiti ikatha, ndipo oyamba kumene amayambira pansi, kufunsa mafunso khomo ndi khomo ndi tabuleti m'manja kapena kukonza zolakwika mu deta tsiku lonse. Ngati pakhomo mukudalira kuti iyeyu adzalipirire ang'ono ake fizi akangomaliza, mukhale naye pansi mukambirane zimenezi asanadzaze fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite.