Kodi bambo angamachitire dialysis kunyumba?

Mayi wina wa ku Matawale ku Zomba wandilembera imelo. Impso za bambo ake zinasiya kugwira ntchito, ndiye amakwera minibasi kupita ku Queens ku Blantyre kukasefetsa magazi pa makina (dialysis), n'kubwerako ali ofookeratu. Akufunsa ngati zimenezi zingachitikire pakhomo.

Achemwali, za makina osefa magazi kunyumba tiziike pambali. Amafuna madzi oyeretsedwa ambiri ndi magetsi osathimathima, ndipo za magetsi athu mukuzidziwa nokha.

Njira yoti muiganizire ndi peritoneal dialysis. Madokotala amaika kachubu pamimba, ndipo kansalu kokuta matumbo ndi kamene kamasefa zoipa. Mumapachika thumba la madzi a mankhwala, pafupifupi malita 2, madziwo n'kulowa m'mimba, n'kukhalamo maola 4 mpaka 6, kenako mumawatulutsira m'thumba lina lomwe mwaika pansi. Ambiri amatero kanayi pa tsiku, ndipo magetsi safunika.

Koma si onse amene amapatsidwa zofanana. Ngati bambo akukodzabe bwinoko, dokotala akhoza kuchepetsa maulendo osintha madziwo pa tsiku. Miyendo ikatupa, amapereka thumba la shuga wochulukirapo kuti likoke madzi, ndiye ngati ali ndi matenda a shuga munene msanga. Amene anachitidwapo opaleshoni yaikulu pamimba njirayi imatha kuwakana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nyumba. Matumba 4 pa tsiku ndi 120 pa mwezi. Muwasunga pati posanyowa, ndi chinyezi cha Zomba nthawi ya dzinja? Pamafunikanso chipinda chotseka zenera, mopanda fumbi, mphaka kapena adzukulu olowalowa, komanso munthu wa maso abwino wosamba m'manja ndi sopo nthawi iliyonse asanagwire chubu. Madzi otuluka amayenera kukhala oyera moti n'kuwerenga zolembedwa kuseri kwa thumba. Akachita mbuu, kapena mimba ikapweteka, n'kutheka kuti tizilombo talowa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ulendo ukubwerawu muwaperekeze bambo, mukafunse dokotala wa impso ngati thupi lawo lingalole, komanso ngati matumbawo angamapezeke mosadukiza, chifukwa akangosowa masiku ochepa moyo uli pachiswe. Pakadali pano asajombe tsiku lawo la makina, ndipo za nthochi, mapeyala ndi nsomba zamchere mufunse anamwino kuti azidya zochuluka bwanji.