Bata, Total, Bakili, Nyasa: kodi Maule ndi timu imodzi?

M'bale wina wa ku Ndirande yemwe pano ali ku Johannesburg watumiza funso pa imelo. Akuti anzake akumutsutsa kuti zikho za Bata Bullets ndi Bakili Bullets zisamawerengedwe limodzi ndi za FCB Nyasa Big Bullets poti ndi matimu osiyana. Akufunanso kudziwa chaka chomwe Maule anafika pachimake.

Achimwene, anzanuwo alakwitsa. Timu ndi imodzi yomweyo, ya makaka ofiira ndi oyera, yomwe inayamba mu 1967 ku Blantyre osewera ena atachoka ku Wanderers. Mkangano wa Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) unabadwira pomwepo, ndipo mpaka lero matimuwa akamakumana pa Kamuzu Stadium, mumzinda simuyendeka. Chomwe chakhala chikusintha ndi mwini thumba. Kuno kwathu ndalama zapakhomo sizikwanira kulipira osewera, kugula yunifolomu ndi kuthira mafuta m'basi ya timu chaka chonse, ndiye yemwe wabwera ndi ndalama amapatsidwa dzina la timu. Kampani ya nsapato ya Bata inayamba, kenako ya mafuta ya Total, kenako a Bakili Muluzi ali mtsogoleri wa dziko, kenako kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing. FCB ija ndi First Capital Bank. Malo a timu mu ligi, osapota ndi zikho zimatsala momwemo.

Mukayala zaka za zikho pambali pa mayinawa, muona kuti Maule amalusa pamene thumba lakhazikika. Super League itayamba mu 1986, chikho choyamba chinapita ku Bata Bullets. Kuchokera 1999 mpaka 2005 anatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana. Thandizo litatha, timu inalowa m'mavuto a zachuma, osewera abwino n'kumapita kwina, ndipo ligi inabwereranso mu 2014. Pakatipa zikho zinkapita kwa Wanderers, Escom United ndi Silver Strikers. Sikuti Blantyre inasiya kubala osewera. Mnyamata yemwe sanalandire malipiro miyezi ingapo sakhala ndi mtima pa masewero, ndipo timu ina ikamunyengerera sachedwa kunyamuka.

Nyengo ya Nyasa inatchuka ndi Kalisto Pasuwa, mphunzitsi wa ku Zimbabwe yemwe anafika mu 2018. Anatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zonse zinayi: TNM Super League, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Achinyamata ambiri akuuzani kuti pachimake ndi pamenepo.

Ine ndikuti ndi 2004, ndipo pano ndiima pang'ono. Chaka chimenecho Bakili Bullets, mphunzitsi wake ali Kinnah Phiri, yemwenso kale ankamwetsa zigoli ku Bata Bullets ndi ku Flames, inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, mpikisano wa matimu akatswiri a m'mayiko a mu Africa. Masiku amenewo m'ndimeyi munkalowa matimu 8 okha mu Africa monse, m'magulu awiri a matimu anayianayi. Kuti ufikemo unkayenera kudutsa ndime zachipulula zosewera kwanu ndi koyenda, zigoli n'kuziphatikiza. Ukagona tsiku limodzi lokha, watuluka. Imodzi mwa matimu omwe Bullets inatulutsa panjirapo ndi Orlando Pirates, ya mumzinda momwe mukukhalamo. Anzanu a kumeneko akamanyoza mpira wa ku Malawi muziwakumbutsa zimenezo.

M'gulu inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Sinapitirire, ndi zoona. Koma onani omwe anaipinga: Enyimba ndi Étoile du Sahel ndi omwe anakakumana mu ndime yomaliza chaka chomwecho, Enyimba n'kutenga chikho pa mapenate. Maule anagwera m'gulu la akatswiri ndi achiwiri awo.

N'chifukwa chiyani zimenezi sizinabwerezedwe, ngakhale ndi timu yosesa zikho ya Pasuwa? Mpikisano wa CAF umadya ndalama zambiri. Ulendo uliwonse ndi matikiti a ndege a osewera, aphunzitsi ndi madokotala, kuphatikizapo hotela ndi chakudya, zambiri zolipira m'madola. Bwalo nalo liyenera kuvomerezedwa ndi CAF. Kamuzu Stadium itakanidwa, Bullets yakhala ikulandirira alendo ake ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, kutali ndi khamu la ku Ndirande ndi Chilomoni lomwe limanjenjemeretsa alendo. Chinanso, wosewera akangowala kwa chaka chimodzi, matimu a ku South Africa, Zambia kapena Mozambique amamutenga ndi malipiro omwe kuno palibe angawafike, ndipo mphunzitsi amayambanso kuumba timu. Mu 2023, chaka cha zikho zinayi chija, Bullets inadutsa ndime yoyamba koma inakagwa m'manja mwa TP Mazembe ya ku Lubumbashi, patangotsala khomo limodzi kuti ilowe m'magulu.