Yankho: Spain, Portugal kapena Morocco?

Achimwene, mwafunsa komwe mungakakhale ndi motorhome yanu (galimoto yokhala ngati nyumba) m'nyengo yozizira mukachoka ku Britain. Ine ndingasankhe gombe la Almería ndi Murcia ku Spain. Mvula kumeneko ndi yochepa kwambiri, dzuwa limawala ngakhale mu January, ndiye masola a padenga amatchaja mabatire bwinobwino. Algarve ku Portugal ndi kokongola, koma mvula yochokera ku Atlantic imabwerabwera, ndipo kuyambira 2021 malamulo ogona paliponse anakhwima.

Vuto ndi masiku. Ndi pasipoti ya Britain mumaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Spain ndi Portugal). Ambiri akatsala pang'ono kukwanitsa masiku 90wo amawoloka pa sitima yapamadzi kuchokera ku Algeciras ku Spain kupita ku Tanger Med ku Morocco, dziko lomwe silili mu Schengen, n'kukakhala cha ku Agadir. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, yambani mwafunsa za viza.

Potsika kuchokera ku Santander, doko la kumpoto kwa Spain komwe sitima za ku Britain zimafikira, musachedwe cha ku mzinda wa Burgos, chifukwa usiku madzi amaundana m'mapaipi. Komanso masilinda a gasi a kampani ya ku Britain ya Calor sasinthitsidwa ku Spain, ndiye ikitsani silinda yothiramo gasi wa LPG musananyamuke.