Ma incremental 18, imodzi yowola

Achimwene, mwandikumbutsa pakuwawa. Zomwe mukufunazo, backup (kopi ya mafayilo) ya full, yotenga zonse, kamodzi kenako incremental yokhayokha, yotenga zosintha zokha, kuti disk isadzaze, ndi zomwe zinandigonetsa pansi mu server room.

Ife tinali pa Bacula, pulogalamu yopangira backup. Ndondomeko imene imabwera nayo ndi yabwino kale: full Lamlungu loyamba la mwezi, differential (yotenga zonse zosintha kuyambira pa full) ma Lamlungu otsalawo, incremental Lolemba mpaka Loweruka. Koma mkulu wina amene ankabwera pa kontrakiti anachotsa differential, ati ikudya malo, n'kuika incremental masiku onse. Sanauze munthu, sanalembe paliponse.

Lachisanu lina madzulo ma disk awiri a RAID 5 (gulu la ma disk lopirira kufa kwa disk imodzi yokha) anafa motsatizana. Full inali ya masiku 19 apitawo, pamwamba pake ma incremental 18. Ndinayambitsa restore (kubweza mafayilo kuchokera pa backup) mtima uli m'malo, mpaka ndinauza abwana kuti apite akagone. Cha m'ma 2 koloko usiku, ndili ndekhandekha, zala zitauma ndi AC, bconsole (polamulira Bacula) inatulutsa error: volume (posungira backup) ya incremental ya nambala 11 sikuwerengeka. Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi. M'mimba munatentha. Fayilo iliyonse imene inasinthidwa komaliza Lachinayi la incremental imeneyo inapita, ndipo linali tsiku lomwe a accounts anamaliza kulowetsa malipiro a antchito. Tinabweza zakale, amayi a ku accounts n'kukhala masiku atatu akulembanso kuchokera pa mapepala, osandiyankhula.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti differential imatenga zonse zosintha kuyambira pa full yomaliza, pomwe incremental imangotenga za kuyambira pa backup yadzulo. Ikanakhalapo differential ya Lamlungu lapitalo, nambala 11 sindikanaifuna n'komwe. Full, differential imodzi, ma incremental 4, ndikanagona kunyumba. Mkulu wa kontrakiti uja foni sanayankhe mpaka Lolemba, ndipo atabwera, pamaso pa abwana, akuti vuto ndi ine chifukwa sindinkayesa restore. Munthu wochotsa mzati wa nyumba n'kumafunsa chifukwa chake denga lagwa! Ndinangoluma mano.

Ndiye ine incremental sindiikhulupirira, unyolo ukatalika mphete imodzi imakugwetsani. Komabe musaisiye, differential tsiku lililonse imafufuma, pofika kumapeto kwa mwezi imatenga usiku wonse ngati full. Sakanizani zitatuzo monga ndanenera, unyolo usapitirire masiku 6. Muonenso retention (nthawi yosungira backup isanafufutidwe), full isafufutidwe pomwe ma differential ndi ma incremental odalira iyo akadalipo, apo ayi mwasunga zinyalala. Catalog (kaundula wa Bacula wa zomwe zasungidwa) nayo ikhale ndi backup yake kwina, chifukwa kuimanganso ndi bscan (chida cha Bacula chowerenga ma volume) kumatenga nthawi yomwe simudzakhala nayo. Ngati muli ndi SQL Server (database ya Microsoft), aliyense wotenga full yapadera aziika COPY_ONLY, yomwe imatenga kopi osasokoneza unyolo, akapanda kutero ma differential onse otsatira amatsamira pa fayilo yakeyo, mwina ili pa laputopu yake.

Ndipo inde, ngakhale zikundiwawa kuvomereza, yesani restore mwezi uliwonse pa makina ena, mutsegule mafayilowo ndi maso anu. Backup yathu ya nambala 11 ija inali italemba OK.